Machira ndi a Alendo

Ndinadziwa kuti diso la mwana wanga lavuta chifukwa cha singano. Ine ndine telala, makina anga amakhala pakhonde, ndipo chiyambire maso anga kuchita chifunga, mwanayo ndiye ankandilowetsera ulusi m'mawa asanapite kokonzekera masewero. Ankangolasa kamodzi, ulusi uli mkati, kenaka n'kumandiseka kuti, "Amayi, bowo lonseli osaliona? Mukhoza kudutsamo ndi inu nomwe." Koma m'mawa umenewo analasa, ulusi n'kudutsa pambali. Ananyambita nsonga yake n'kuyesanso, pambali. Kenaka ndinamuona akupendeketsa mutu ngati nkhuku yaona mphamba, kuti ayang'ane ndi diso lamanja lokha.

"Lamanzerelo latani?" ndinamufunsa.

"Palibe, amayi. Ndi tulo chabe."

"Tulo take titi topendeketsa mutu? Ndinakubereka ndine, usandinamize ngati ndine refa."

Anaulula monyinyirika. Pa masewero apitawo anawombana mitu ndi mnzake polimbirana mpira wa m'mwamba, ndipo kuchokera tsiku limenelo ankaona timoto tikuthwanima m'diso. Tsopano timoto tija tinali titasiya, m'malo mwake kumbali kunkabwera mdima ngati munthu akukoka katani pang'onopang'ono. Ndinasiya diresi la mwini wake lili pamakina, n'kumugwira dzanja chimunthu chonsecho, ulendo wa kuchipatala.

Dokotala wa maso anali mayi wachitsikana, wosazungulira polankhula. Anati kumbuyo kwa diso kuli kansalu kopyapyala kamene kamagwira zonse zimene munthu amaona, ndipo ka mwana wangayo kanali katayamba kumatuka m'mphepete. Anati akhoza kukamatanso pa opaleshoni sabata yotsatira, koma mpaka tsikulo asathamange, asanyamule cholemera, azingogona. "Mpira umodzi wa pamutu ukhoza kukamatula konse," anatero, "ndipo kakachoka konse, diso limenelo lapita." Ine wa nsalu ndinamva msanga. Chong'ambika pang'ono chimasokeka, bola osachikokanso.

Tsoka lake, Loweruka la sabata yomweyo kunali masewero otsiriza a ligi, ndipo timu yathu ikanagonja inali yotuluka mu ligimo. Mvula ikakuona litsiro sikata.

Kuti mumvetse chifukwa chimene mawu a dokotala anali ngati madzi othira pamsana pa bakha, muyenera kumudziwa mwamuna wanga. Mumzinda muno dzina lake lenileni analiiwala kalekale, aliyense amangoti a Chipilala. Anali wotchinga kumbuyo m'timu yomweyi ine ndili mtsikana, ndipo tsiku lina, pa masewero olimbirana chikho, bondo lake lamanzere linathyoka chigawo choyamba chisanathe. Onyamula machira atathamangira m'bwalo anawapirikitsa, amvekere, "Machira ndi a alendo!" Anamanga bondolo ndi sokosi, nasewera mpaka kumapeto, chikho n'kubwera. Chikho chimenecho ndi chokhacho chimene timuyi ili nacho mpaka lero, ndipo amachipukuta mwakuti chayamba kupyapyala.

Mawu aja anawalemba ndi penti pamwamba pa khomo lotulukira kupita m'bwalo. Kuyambira pamenepo wosewera wa timu yathu satuluka pa machira, ndipo sapempha kuti amusinthe. Mnyamata wina amene analola kunyamulidwa atathyoka kakolo anamutcha Mlendo, ndipo anamuimba m'misewu mpaka anasamuka. Komanso pali mwambo wawo wa Loweruka. Osewera akale, amene timangoti madala, amakhala pabenchi m'kanjira kochokera kuchipinda chovalira. Mwamuna wanga amakhala pakati pawo pachikuku chake, mwendo wa thalauzi atapinda, ndipo wosewera aliyense potuluka amamenya bondo lija ndi chikhatho kuti atengeko mtima wake.

Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Bondo limenelo amalidziwa ndine. Ndi lotupa ngati dzungu, silipindika, ndipo linakoka linzake, kenaka chiuno, mpaka munthu anasiya kuyenda. Anyamata aja akamalimenya, mwini wake amamwetulira, koma madzulo ake ndine ndimalithowa ndi madzi otentha iye ataluma thawulo. Ochemerera ali ndi nyimbo ya bondolo, ine ndili ndi beseni lake. Ndiye mwana wathu mmodzi yekhayo atakula, wamtali ngati mlongoti, naye n'kukhala wotchinga kumbuyo, anamutcha Mphukira. Anamupatsa ukaputeni ndevu zisanakwane n'komwe.

Pobwerera kuchipatala tinayenda wapansi, ine ndili kumanzere kwake kuti asagundane ndi njinga.

"Wamva zimene anena adokotala," ndinatero. "Loweruka sukusewera."

"Amayi, opaleshoni ndi sabata yamawa. Loweruka ndingosamala, sindimenya ndi mutu."

"Iweyo? Ntchito yako yonse ndi mutu. Miyendoyo amangokulipirira kuti izinyamula mutuwo."

Anaseka pang'ono, kenaka nkhope inagwa. "Ana a anthu ena asewera nthiti zili zothyoka chifukwa cha bambo anga. Ndiye mwana wawo weniweni akhale pansi chifukwa cha diso losatuluka ndi magazi omwe? Tikatuluka mu ligi ine ndili pabenchi, ndidzayenda bwanji mumsewu uno?"

"Udzayenda ukuona."

Ndinadziwa kuti watseka makutu chifukwa anayamba kuyenda mofulumira, ine n'kumathamangira pambuyo ngati ndine mwana. Ndinachita mantha amene sindinawamvepo chibadwire.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'mawa mwake ndinatseka makina n'kupita kubwalo kumene amakonzekera masewero. Mwana wanga anali m'katimo akuthamanga ndi anzake, chimene dokotala analetsa chija. Kochi wawo anali munthu wobwera, anamulemba ntchito chaka chomwecho, bambo wa thukuta losatha ndi wezulo pakhosi. Ndinamukokera pambali n'kumufotokozera zonse. Anavula kapusi n'kupukuta dazi lake.

"Mayi, inenso ndili ndi ana," anatero motsitsa mawu. "Kukanakhala kwina, bwenzi nditamuchotsa lero lomwe. Koma muno timu sindisankha ndekha. Nditangofika ndinatulutsa mnyamata wina wovulala phewa, madala aja anandiitanitsa pabenchi lawo n'kundiimika ngati mwana wasukulu wochedwa. Ochemerera anandidikirira pageti. Ndikamuchotsa mwana wa a Chipilala pa masewero ngati awa, adzamubwezeramo okha, ine ndili panja."

"Ndiye ndinu kochi wa chiyani? Wa wezulo?"

Anabwezera kapusi kumutu. "Anene yekha kuti sangathe, ndimusiya. Apo ayi anene a Chipilala. Mawu awo okha ndi amene angamumasule popanda womunena."

Madala anali chapomwepo, atakhala pamthunzi wa chipupa monga amachitira tsiku lililonse, akuweruza anyamata kuti a masiku ano ndi ofewa ngati buledi. Mkulu wawo ndi a Mphaka, amene anali goloboyi pa nthawi ya chikho chija. Zala zawo zonse n'zokhota, chilichonse chinaloza kwake. Anali atamva kale, pajatu khoma lili ndi makutu.

"Alamu, mtima pansi," anatero akuseka. "Mulungu potipatsa maso awiri ankadziwa za mpira."

"Anakupatsaninso zala khumi," ndinawayankha. "Mabatani a malayawo wakumangirani ndani m'mawa uno? Si akazi anu?"

Madala anzawo anaseka chikhakhali, iwonso anaseka, akumenya ntchafu. Ankaona ngati ndi nthabwala za pachilamu. Ndinachoka pamenepo ndi ukali, misozi ndinakaigwetsera kuseri kwa chimbudzi cha bwalolo, ponunkha pomwepo.

Anatsala ndi mwamuna wanga. Masana amenewo ndinamusambitsa ndekha, chifukwa amene ankamunyamula kupita kubafa ndi mwana uja, ndipo ndinali nditamuletsa. Ndinamukoka kuchoka pachikuku kupita pampando wa pulasitiki, msana wanga ukulira. Ndinadikira kuti ndifike pa bondo lija.

"Bambo ake mwana, mwamva zimene anena kuchipatala."

"Ndamva."

"Muuzeni asasewere. Akochi akuti mawu anu okha ndi amene angamumasule."

Anayang'ana sopo pansi. "Mnyamatayo ndi wamkulu, asankha yekha."

"Asankha chiyani? Munamusankhira asanabadwe. Wakula akumva nyimbo ya bondoli kusukulu, kumsika, ngakhale kumaliro. Nkhuyu munadya ndinu, zikupota mwana."

"Ndiye ukufuna ndikaime pamaso pa anthu amene ana awo anathyokera mawu anga, ndikanene kuti wangayu yekha ayi, ndi dzira?"

"Kuima kwake kuti? Mukanakhala woima bwenzi ndili pano ndi beseni?"

Mawu amenewo anamulasa, ndinaona, koma sindinawabweze. Madzi ankadontha m'ndevu zake. Atalankhula, mawu ake anali aang'ono ngati si a chimunthu chimene chinkagwedeza bwalo.

"Mkazi wanga, sabata yonse ine ndimakhala katundu. Umanditembenuza, umandipukuta, umandiika padzuwa ngati chimanga chonyowa. Loweruka lokha ndi pamene ndimakhala munthu. Ndikanena kuti machira ndi a aliyense, ndiye kuti miyendo iyi ndinangoitaya. Nditsala chitsiru cha pachikuku basi."

Ndinamumvera chisoni, sindikana. Ndinakwatiwa naye ndikumukonda, ndipo ndimamukondabe ngakhale amandiphwanya msana. Koma chisoni sichikanamata diso. Ndinagwada pansi ponyowa pomwepo, ndi chitenje changa chabwino, n'kugwira mapazi ake ozizirawo.

"Miyendo yanu inapita, sibwerera ngakhale aiimbire mpaka Yesu adzabwere. Diso lilipo. Lero lilipo. Ndakugwirani mwendo, bambo, ndipatseni diso la mwana wanga."

Anangoti ndimupatse thawulo chifukwa wayamba kumva kuzizira.

Lachisanu masana timu inkapita kokagona pamodzi, monga amachitira masewero akakhala aakulu. Ndinabisa nsapato za mpira za mwana wanga m'thumba la zigamba, iye anangoti akabwereka za mnzake. Ndinaima pakhomo n'kutambasula manja, iye anandinyamula ngati mtolo n'kundiika pambali, akundipepesa. Asanatuluke anapita kukatsanzika bambo ake, amene anali patebulo akudikira kumwa mankhwala. Anatenga jagi kuti awathirire madzi m'kapu. Madzi aja anathira pambali, pa tebulo, n'kuyenderera mpaka pa miyendo ya bambo akewo, iye osazindikira, akuthirabe, akunena za timu ya adani kuti ili ndi anyamata aatali. Atazindikira anaseka kuti jagiyo ndi yokhota mlomo, n'kunyamula chikwama chake.

Mwamuna wanga anakhala akuyang'ana thalauzi lonyowalo. Ndinabwera ndi nsanza kuti ndipukute, anandigwira mkono.

"Kapu yonseyi sanaione?"

"Ndimakuuzani chiyani?"

Tsiku lonselo sanadye. Loweruka m'mawa ndikumutembenuza anati, "Undiveke jekete lija. Mwanayo ndikamuuza pabenchi pomwepo, madala onse akumva, kuti pasapezeke womutcha dzina." Ndinamupsompsona pachipumi, chinthu chimene ndinali nditasiya kalekale. Jekete la timu ndinalisita mpaka linawala, ndikuimba nyimbo ya kutchalitchi. Galimoto imene imabwera kudzamutenga italiza hutala, ndinakwera nawo, ndinati chikuku ndikankha ndekha.

M'kanjira kaja munali fungo la mankhwala opaka minofu ndi thukuta lakale. Pamwamba pathu bwalo linali litadzaza, anthu akuponda pansi mpaka fumbi la simenti linkatigwera m'mutu. Madala anakhala pabenchi lawo atavala majekete ofanana. Ndinaika chikuku pakati, n'kupinda mwendo wa thalauzi monga mwa masiku onse. Chitseko cha chipinda chovalira chinatseguka, anyamata n'kuyamba kutuluka mmodzimmodzi, nsapato zikulira pasimenti. Aliyense phaa pa bondo, n'kudutsa. Wina anali atamanga bandeji ntchafu yonse, akutsimphina, kamnyamata koti mayi ake akanali kukachapira. Naye phaa, n'kudutsa.

Kaputeni amatuluka pomaliza. Mwana wanga atatambasula dzanja, bambo ake analigwira pamkono ndi manja onse awiri.

"Mwana wanga, usatuluke."

Ananena mokweza, ndi liwu lake lija lakale, mwakuti anyamata amene anali atafika pakhomo anatembenuka.

"Diso lako likufa. Mawu ali pakhomopo ndinanena ndine, ndipo ndine ndikuwabweza. Ndinali mnyamata, magazi akuwira, sindinkadziwa chimene ndikugula. Taona miyendoyi. Amayi akowa amandinyamula ngati thumba. Chikho chija sichinandiperekezepo kuchimbudzi ngakhale tsiku limodzi. Vula jezi, ukhale pansi. Wofuna kunena anene ine."

Ndinaona kochi akutembenuka msangamsanga kukodola mnyamata wina kuti avule jekete alowe. Mumtima ndinati zatheka, Ambuye zatheka.

Pamenepo a Mphaka anaimirira. Sanaseke ngati tsiku lija. Anatukula manja awo okhotawo n'kuwaika pamaso pa mwamuna wanga.

"Chipilala, mawu ukawalavula sakhalanso ako. Ine zala izi ndinazipereka pa mawu amenewo. Uyu anapereka nthiti, uyo samva khutu limodzi. Kamnyamata kali pakhomoko kakutuluka ndi ntchafu yong'ambika chifukwa kamenya bondo lako posachedwapa. Lero ukuti unkangolankhula? Chabwino, bweza. Koma uyambe watibwezera zala zathu."

Madala ena anang'ung'udza movomereza. Wina anati, "Awa si mawu a Chipilala, ndi a kukhitchini." Ndinamutukwana mdala ameneyo mawu amene sindingawabwereze, koma palibe anandimva, chifukwa pamwamba paja anali atayamba nyimbo ya bondo, bwalo lonse ndi pakamwa pamodzi.

Mwana wanga anayang'ana bambo ake. Anayang'ana anzake atadikira pakhomo, makamaka kamnyamata ka bandeji kaja, kamene kankamuyang'ana kukamwa kuli yasa. Ine anachita kutembenuza mutu wonse kuti andipeze. Kenaka anawerama n'kuyamba kumasula zala za bambo ake pamkono pake, chimodzichimodzi, mofatsa ngati akuchotsa minga.

"Pepani, bambo," anatero. "Mukanandiuza ndili mwana."

Anaika chikhatho pa bondo lija, osamenya, kungoligwira. Ndinamudumphira n'kugwira jezi kumsana, koma nsalu za masiku ano n'zoterera, inandipulumuka m'manja. Ndinakuwa dzina lake lenileni, limene ndinamupatsa ine, koma anali atadutsa kale pansi pa mawu apenti aja.

Masewerowo ndinaonera pakamwa pa kanjirako, nditagwira chikuku. Chibadwire sindinapempherepo kuti mpira uziyenda pansi, koma tsikulo mpira uliwonse ukakwera m'mwamba ndinkapemphera kuti utsike. Poyamba mwana wanga anasungadi lonjezo. Ya m'mwamba ankailandira ndi chifuwa, ina n'kumusiyira mnzake, mpaka ochemerera ena anayamba kufunsa kuti Mphukira lero mutu wausiya kunyumba kodi. Chigawo chachiwiri chitangoyamba anyamata athu anagoletsa, bwalo linagwedezeka, anthu osadziwana n'kumakumbatirana. Ine ndinkangoyang'ana refa kuti aimbe wezulo zithe. Mwamuna wanga sanawombe m'manja, anali atagwira matayala a chikuku mpaka mitsempha kutuluka.

Chakumapeto adani anatipanikiza. Anapeza kona, goloboyi wathu anatuluka kuti augwire mpira koma anauphonya, ukagwera pa phazi la mnyamata wawo. Anauwomba ndi mphamvu zake zonse. Pagolo panalibe wina koma mwana wanga ataima pamzere, ndipo mpirawo unkabwera molunjika kumutu kwake.

"Usiye ulowe!" ndinakuwa. "Usiye!"

Sanausiye. Kulira kwake ndinakumva ngakhale panali phokoso lonselo, ngati munthu wamenya chitseko ndi thabwa. Mpira unabwerera mpaka pakati pa bwalo, iye n'kugwa chagada mu ukonde.

Onyamula machira anali chapafupi nane, atakhalira machira awowo, ndipo sanadzuke n'komwe. Ndinawathamangira n'kumukoka mmodzi kolala.

"Dzukani! Kamutengeni!"

"Mayi, ameneyo ndi wathu," anatero akuchotsa dzanja langa. "Mukufuna atigende?"

Ndinayesa kukoka machirawo ndekha, iwo ali pomwepo, osasuntha. Nditacheuka ndinaona madala atazungulira chikuku. Pamakhala chomwecho wosewera wathu akagwa: amanyamula a Chipilala m'mwamba kuti wogwayo awaone adzuke. Anamukweza pamapewa ndi chikuku chomwe. Mwamuna wanga ankalira ngati mwana, akuwamenya m'mitu ndi zibakera, akukuwa kuti amutsitse, akamutenge mwana wake. Bwalo litamuona m'mwambamo linapenga ndi chimwemwe, nyimbo n'kukwera. Ndipo mwana wanga anagwira ukonde, nadzuka, dzanja lili kumaso. Anagwedeza mutu, n'kuthamangira pamalo pake.

Wezulo yomaliza italira anthu anadumpha mpanda. Timu inali itatsala mu ligi. Mwana wanga anazemba onse ofuna kumunyamula, nabwera yekha kukanjira kaja akumwetulira, nkhope yonse ili matope. Pofika pakhomo anagunda mphuthu ndi phewa lamanzere mpaka anadzandira. Anaima n'kumayang'ana uku ndi uku.

"Amayi ali kuti? Wawaona ndani amayi anga?"

Ndinali nditaima kumanzere kwake, pafupi moti ndikanatha kumupukuta matopewo.

Dokotala uja anaunika disolo nthawi yaitali, kenaka anazimitsa kanyali kake n'kukhala pansi. Sanatikalipire, ndipo ndikanakonda akanatikalipira. Opaleshoni anachitabe, koma kansalu kaja kanali katachoka konse. Mpira unathera pomwepo, chifukwa wa diso limodzi sadziwa ngati mpira uli pafupi kapena patali. Miyezi yotsatira mwana wanga ankangokhala kuchipinda, makatani otseka, ndevu osameta. Ankatuluka pokanyamula bambo ake kupita kubafa basi, ndipo awiriwo sankalankhulana, ankangomvana ndi mapewa. Kunja ochemerera anali atawonjezera ndime ina pa nyimbo ija, ndipo poiimba amaphimba diso lamanzere ndi chikhatho. Ndinaimva koyamba ndili pamzere wogula mafuta a makina, ndipo amene ankaiimbayo anandigwira chanza kuti ndinabereka mwamuna.

Ligi yatsopano itayamba, Loweruka loyamba, ndinatulutsa jekete lija kuti ndisite. Mwamuna wanga anapukusa mutu.

"Libwezere. Sindidzapitakonso."

Anatsitsa yekha mwendo wa thalauzi n'kuphimba bondo lija. Galimoto italiza hutala panja ndinatuluka ndikupukuta manja, mtima uli myaa, kuti ndikawauze azipita. A Mphaka anali kutsogolo, atatulutsa mutu pawindo.

"A Chipilala sabweranso," ndinatero. "Kamenyeni mabondo anu."

"Tikudziwa, alamu, apume, agwira ntchito," anayankha mwaulemu. "Ife tabwerera Mphukira. Malo ake takonza kale, pakati pa benchi pomwe. Anyamata apempha okha kuti potuluka azimugwira pachikope."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwathire mawu, koma kumbuyo kwanga chitseko chinalira. Mwana wanga anatuluka atameta, atapolisha nsapato, atavala jekete la bambo ake lija limene ndinalisiya pampando, losasita. Linamukwana ngati anamuyeza. Nkhope yake inali yowala, kumwetulira kumene sindinakuone chichokere kuchipatala. Ndikanamuletsa ndi chiyani? Sabata yonse amakhala munthu wa kuchipinda.

"Ndibwera madzulo, amayi," anatero. "Madzi osamba a bambo mundidikire, musawanyamule nokha."

Anatsika masitepe akufufuza ndi phazi, a Mphaka n'kumutsegulira chitseko ndi zala zawo zokhotazo. Galimoto inapita.

Ndinabwerera pakhonde. Panali siketi ya mwini wake yofunika kupinda m'munsi ndi manja, ndipo singano inalibe ulusi. Ndinanyambita nsonga, ndinalasa, ndinaloza kudzuwa, ndinalasanso. Mwamuna wanga anakankha chikuku mpaka pakhomo n'kutambasula dzanja.

"Bweretsa ndiyese."

Ndinamupatsa. Anaibweretsa singanoyo pafupi ndi mphuno, kenaka anaitalikitsa. Kutali, cha kubwalo, nyimbo inali itayamba, ndipo inafika pa ndime yatsopano ija. Anandibwezera singano, ine n'kuyesa, n'kumubwezeranso. Ulusi unkangodutsa pambali.